Kalata yotseguka kwa oyang'anira zaumoyo ku Mangochi: bwerani mudzaime nafe pamzere

Mabwana ndi madona,

Ndakupatsani moni nonse, kuyambira inu a m'maofesi pa boma, makhansala, aphungu, mpaka mafumu athu amene mumakhala nawo pa misonkhano ya khonsolo. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, mkamwini kuno kunyanja. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakhalitsa kuno moti usipa ndimaudziwa ndi fungo lokha ngati ndi wa lero kapena wagonera. Kwa zaka zitatu ndinali mu komiti ya chipatala chathu chaching'ono, ndipo masiku ano ndine gadiyani wa apongozi anga aakazi amene amadwala BP ndi shuga. Chipatalacho sindichitchula, ngakhalenso anthu ogwira ntchito pamenepo. Ndikatchula, mawa wina asamutsidwa, inu n'kumati nkhani yatha, chikhalirecho sinayambe n'komwe.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Pamene ndinali mu komiti, uthenga ukafika woti kukubwera alendo odzayendera chipatala, tinkasonkhana dzulo lake. Tinkatchetcha udzu, kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, kukolopa khonde, ndi kuika chidebe cha madzi pakhomo, sopo watsopano ali pambali. Ine ndemwe ndinkamata mapepala pakhoma, chifukwa amati aphunzitsi ndi amene amadziwa kuwongola pepala. Alendo ankafika cha m'ma 10 koloko. Ankaona kaundula wa odwala, kuzizira kwa filiji ya katemera, katoni yotayamo masingano, dzenje lootchera zinyalala, n'kuchonga pa mafomu awo. Zonsezo n'zofunika, sindikuzinyoza. Katemera amene watentha ndi madzi chabe, ndipo singano yotayidwa pabwalo imabaya mwana. Koma dzuwa lisanapendeke galimoto inali itanyamuka, sopo uja n'kubwerera mu kabati. Fomu ija inalibe malo olembapo kuti ndi anthu angati amene anabwerera osaonana ndi dokotala tsiku limenelo. Inalibe funso loti gogo amene akutuluka m'chipindamo wamva zimene wauzidwa kapena ayi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Zimene zimafika pa tebulo lanu ndi za m'maluwa, ndipo ena mwa maluwawo ndinadzala ndine.

Tsono ndikuuzeni mmene tsiku la apongozi anga limayendera.

Timadzuka tambala woyamba. Miyendo yawo siyilola kuyenda mtunda wonse, choncho timakwera kabaza, ndipo ndalama yopita ndi kubwera kwa anthu awiri ikanatha kugula ndiwo za masiku angapo. Tikafika timapeza mabuku a kuchipatala atandandalikidwa kale pakhonde, lililonse ataliika mwala pamwamba kuti mphepo isaliulutse. Mzere wake ndi umenewo. Mayi wa mwana wotentha thupi, mnyamata amene wabayidwa ndi mbedza, bambo wotsokomola, gogo wongodzatenga mapilitsi a mwezi, onse pamzere umodzi, khomo limodzi, dokotala mmodzi. Amene timamutcha adokotala pathu pano ndi wothandizira dokotala, mnyamata wa maphunziro ake abwino, amene nyumba yake ili kuseri kwa chipatala. Usiku amagogodedwa. Loweruka amagogodedwa. Akapita ku msonkhano pa boma kapena kumaliro kwawo, chitseko chimakhala chotseka. Munthu ameneyu sindikumuimba mlandu. Tsiku lina ndinakhala pa benchi n'kumayang'ana wotchi ya pafoni: anthu ambiri ankalowa ndi kutuluka mphindi zitatu zisanakwane. Pamene akufunsa kuti "Mukumva chiyani mayi?" cholembera chimakhala chayamba kale kuyenda. Sikuti ndi mwano. Akuona pawindo kuti khonde ladzaza ndipo yekha sangalimalize. Dzuwa likafika paliwombo mlonda amayamba kubweza mabuku amene atsala, amvekere mubwere mawa. Amene wauzidwa kuti abwere mawayo ndalama ya kabaza wadya kale lero.

Boma lathu lili ndi anthu oposa 1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ndi lotambalala. Wa ku Makanjira, wa ku Katuli, wa ku Chilipa, wa ku Nankumba, aliyense ali ndi ulendo wake. Amene anayendapo msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja akudziwa kuti mawu oti "tikutumizani ku chipatala chachikulu" samveka chimodzimodzi kwa munthu wa kumeneko ndi kwa munthu wa kwa Mponda. N'chifukwa chake chipatala chaching'ono si chaching'ono ayi kwa ife. Kwa ambiri ndi chokhacho chimene adzachione.

Chimene chandichititsa kugwira cholembera ndi ichi. Mangochi ndi boma limene sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences imaphunzitsirako madokotala a mabanja. Ophunzira ake timawaona pa boma, ena amafika m'midzi mwathu ndi mafunso awo. Ntchito ya dokotala wa banja, monga ndinaimvera, ndi kumudziwa munthu yense, osati nthenda yokha imene wabwera nayo lero. Amadziwa kuti gogo uyu amamwa mankhwala akuti kuyambira chaka chakuti, kuti mwamuna wake anamwalira ndi sitiroko, kuti amasala pa Ramadani, kuti amene amamuphikira ndi mdzukulu wa zaka 12. Amaona mwana, mayi woyembekezera ndi nkhalamba pakhomo limodzi, ndipo mukabweranso amakumbukira. Nzeru imeneyi ikuphunzitsidwa pakhomo pathu penipeni. Nanga bwanji ife eni mudzi sitikuilawa? Zili ngati kukhala m'mbali mwa nyanja n'kumadyera nsima mchere.

Apongozi anga alibe munthu amene amawadziwa kuchipatala. Amene amawadziwa ndi buku lawo. Ndalitsegula pano pamene ndikulemba. Muli zolemba za anthu osiyanasiyana, ena a chipatala chathu, ena a pa boma, wina wa kiliniki yolipira. Tsamba lina alemba mankhwala a BP amtundu umodzi, tsamba lotsatira amtundu wina, popanda mawu ofotokoza chifukwa chimene anasinthira. Pali miyezi imene sipanalembedwe nambala ya BP ngakhale imodzi, chifukwa makina oyezera analibe mabatire. Buku lawo loyamba linanyowa denga litadontha, masamba n'kumatana, ndipo mbiri ya zaka zinayi inathera pomwepo. Kuchipatala kunalibe kwina kumene inasungidwa. Anayambiranso ngati munthu amene wadwala dzulo.

Musandiuze kuti n'zosatheka, chifukwa khomo loyandikana nalo zikutheka. Onani mmene anzathu a ma ARV amathandizidwira. Ali ndi khadi lawo limene limatsala kuchipatala. Amapatsidwa tsiku lobwera. Amene thupi lawo lakhazikika amalandira mankhwala a miyezi itatu, ena mpaka isanu ndi umodzi, kuti asamathe ndalama ndi maulendo. Akajomba, wina amawaimbira foni kapena kuwalondola kumudzi. Ndi chinthu chonyaditsa, ndipo chapulumutsa abale athu ambiri. Ndikudziwa kuti kumeneko kuli thandizo la mayiko akunja limene kwa BP ndi shuga kulibe. Koma khadi ndi pepala. Tsiku lobwera ndi cholembera. Kupatula Lachiwiri m'mawa kuti likhale la a BP ndi shuga okha, n'kumawaona munthu yemweyemweyo mwezi ndi mwezi, sikufuna ndege yochokera kunja. Zipatala zina zikuluzikulu zimachita kale. Tikupempha kuti zitsikire kwa ife. Ndipo madokotala a mabanja aja, bwanji osakonza kuti mmodzi azifika pa chipatala chaching'ono chilichonse pa tsiku lodziwika, ngakhale kamodzi pa mwezi, akhale pambali pa mnyamata wathu uja, aone limodzi odwala ovuta, amuwongolere dzanja? Ameneyo ndiye mlendo wodzayendera amene tingamupakire laimu ndi mtima wonse.

Za kusowa kwa mankhwala mwazimva kambiri, sinditaya nthawi yanu. Ndingonena mbali imene mwina simuiona. BP si malungo oti umwa LA masiku atatu n'kuiwala. Mapilitsi ake ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo munthu akadukiza samva kanthu mpaka tsiku limene mkono ukana kunyamuka ndi pakamwa kupotoka. Bambo wina wa m'mudzi mwathu, msodzi wamphamvu zake amene ankakoka chilimira usiku wonse, anauzidwa miyezi iwiri yotsatizana kuti akagule ku famase. Mwezi woyamba anagula. Wachiwiri kunali mwera, ngalawa sizinalowe m'madzi, ndalama panalibe. Lero amakhala pamkeka, ana akumutembenuza. Mu kaundula wa chipatala bamboyu analembedwa kuti anathandizidwa maulendo onse awiri.

Pamene ndinali mu komiti ndinkaitanidwa galimoto ya mankhwala ikafika, kudzaona makatoni akutsitsidwa ndi kusaina ngati mboni. Ndi dongosolo labwino, limachepetsa kuba. Koma limathera pa siginecha. Palibe amene amauza anthu kuti mankhwala a shuga a metformin atha, kapena kuti zoyezera shuga kulibe sabata ino. Munthu amadziwira pawindo la mankhwala, atadikira maola asanu. Ikani bolodi pageti, lolembedwa m'mawa uliwonse: lero kuli zakuti, kulibe zakuti, adokotala alipo kapena achoka. Uthenga womwewo upite kwa alangizi a zaumoyo m'midzi, ulengezedwe ku mzikiti Lachisanu ndi ku tchalitchi Lamulungu. Mwina mukuopa kuti bolodi lotere lingakuchititseni manyazi. Manyaziwo alipo kale, kungoti pano akusenza ndi mtsikana wa pawindo amene amatukwanidwa tsiku lililonse pa mlandu woti si wake. Choko ndidzagula ine.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndazengereza nayo, ndipo ndapempha chilolezo kwa eni ake ndisanailembe.

Apongozi anga amalankhula Chiyao. Chichewa amamva cha pamsika, chogulira tomato, koma cha matenda a m'thupi sachitha. Mkazi wanga ndi amene amawaperekeza pa nkhani zachizimayi, koma nthawi ina anali kuchikuta, ndiye ndinapita ndine. Dokotala amene anali m'chipinda tsiku limenelo anali mlendo, Chiyao osachidziwa ngakhale moni. Anandikodola kuti ndilowe ndizimasulira. Inu a kuno mukudziwa chimene mkamwini ndi apongozi ali. Sitidyera mbale imodzi. Tikakumana panjira wina amapatuka. Ndiye taganizani ine nditaima pakati pa chipinda, chitseko chili pululu chifukwa chogwirira chinathyoka kalekale, anthu a pa benchi akumva zonse, dokotala akundiuza kuti ndiwafunse mayi ngati akumva kuwawa pokodza, ngati akutaya magazi, ndi mafunso ena amene pakamwa panga sipangatchule pano. Gogo anakokera mpango kumaso n'kuyankha kuti mutu basi. Ine ndinamasulira kuti mutu basi. Tinalandira panado n'kubwerera, njira yonse osalankhulana.

Patapita miyezi, mkazi wanga atapita nawo kwina, zinapezeka kuti linali likodzo. Gogo wachapa ndi kutsuka mbale m'nyanja moyo wake wonse. Ambiri timaganiza kuti likodzo ndi la anyamata osambira okodza magazi, koma kwa amayi limathanso kugwira ziwalo zoberekera, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, moti amayi ena amapatsidwa mankhwala olakwika ndi kunyozedwa nako kunyumba. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja timagawira ana kusukulu. Nthenda yochizika mosavuta inakhala m'thupi mwa munthu miyezi yonseyo chifukwa cha chinenero ndi chogwirira chitseko. Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma kodi mlandu ndi wa mbewa yokha, pamene pakhomo pa unawo paima khamu la anthu?

M'boma limene anthu ochuluka chonchi amayamwa Chiyao, chipatala chilichonse chiyenera kukhala ndi munthu wodziwika, wamkazi pa nkhani za amayi, amene ntchito yake ina ndi kumasulira, ndipo wauzidwa za kusunga chinsinsi. Anthu otere alipo kale pakati pa othandizira m'zipatala ndi alangizi, kungoti palibe amene anawapatsa udindowo. Wogwira ntchito watsopano akatumizidwa kuno, apatsidwe ngakhale mawu ochepa a thupi la munthu ndi a moni. "Ajimwiche uli" yekha amamasula nkhope ya nkhalamba kuposa jakisoni. Ndipo pa fomu yanu ija muonjezere funso limodzi: kodi chitseko chimatsekeka?

Anthu akatopa ndi mzere amapita ku makiliniki olipira, amene achuluka m'misika yathu yonse. Ena ndi abwino ndithu, ndipo atithandiza usiku pamene kwina kunali kotseka. Koma wodwala sangathe kusiyanitsa. Lamulo lilipo: Medical Council of Malawi ndi imene imalembetsa madokotala ndi malo awo ogwirira ntchito, Nurses and Midwives Council of Malawi imaona za anamwino ndi azamba, ndipo Pharmacy and Medicines Regulatory Authority imaona za mankhwala ndi ogulitsa ake. Koma mayi wa ku Malombe amene mwana wake akukomoka sadziwa mayina amenewa, amangoona chovala choyera. Ine ndinalowapo m'kiliniki ina mmene aliyense amatuluka atabayidwa jakisoni, wa chimfine ndi wa msana yemwe, ndipo mtengo umatchulidwa pomaliza, atayang'ana kaye nsapato zimene wavala. Inu amene muli pafupi, thandizanani ndi mabungwe amenewa kuti chiphaso cha chaka chimenecho chizipachikidwa poonekera, pamodzi ndi mitengo, ndipo mndandanda wa makiliniki ovomerezeka uziperekedwa kwa mafumu ndi makomiti a chitukuko. Kiliniki yoona siidzadandaula nazo.

Chimodzimodzi ndi zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo. Boma limachita nazo mgwirizano woti thandizo lina, makamaka la amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, lizikhala laulere boma n'kulipira. Ndi nzeru yabwino kwa madera amene chipatala cha boma chili kutali. Koma zaulerezo ndi ziti, ndipo zolipira ndi ziti? Lembani pakhoma m'Chichewa ndi m'Chiyao. Alipo amayi amene amachirira kunyumba poopa bilu imene sakanapatsidwa n'komwe.

Mudzati ngati pali vuto bwanji osadandaula m'njira yake. Njirazo ndikuzidziwa. Kuli bokosi la maganizo, limene kwathu ndi lokhoma bwino ndi loko koma pambali pake palibe pepala kapena pensulo, ndipo ambiri mwa amene ali ndi madandaulo aakulu sadziwa kulemba. Kuli a ombudsman a m'zipatala, olandira madandaulo a odwala, amene unduna wa zaumoyo unakhazikitsa, chinthu chabwino chimene anthu ambiri kumudzi sanachimvepo. Koma vuto lenileni ndi mantha. Pamene dokotala ndi mmodzi dera lonse, ndani angamudandaule lero podziwa kuti mawa mwana wake adzagona pa bedi la yemweyo? Anthu amasankha kukhala chete. Chete ameneyo akafika kwa inu amaoneka ngati kukhutira. Tumizani munthu wosavala yunifolomu akakhale pansi pa mtengo, kutali ndi geti, azifunsa otuluka ndi pakamwa m'chinenero chawo: mwafika nthawi yanji, mwaonedwa, mwalandira mankhwala onse, mwamva mamwedwe ake? Mayankho ake muziwerenga pa msonkhano wa khonsolo limodzi ndi malipoti enawo.

Pali tinthu tina ta kuno kokha timene munthu wokonza ndondomeko ku Lilongwe sangatiganizire, koma inu muyenera. Asodzi amagwira ntchito usiku, amatuluka m'madzi m'mawa, ndipo pamene agulitsa nsomba ndi kuyanika ukonde mzere watsekedwa kale. Amasamukanso madoko potsata nsomba. Ndiwo amene amafika kuchipatala matenda atakula. Tsiku limodzi pa sabata lotsegula masana mpaka madzulo m'zipatala za m'mbali mwa nyanja lingawakole ambiri. Nayonso Ramadani imabwera chaka chilichonse, siidzidzimutsa munthu. Odwala shuga amene akufuna kusala amafunika kukhala pansi ndi dokotala mwezi usanayambe, chifukwa mankhwala ena a shuga ukamwa osadya amagwetsa munthu. Apongozi anga anangosiya okha kumwa mwezi wonse, osauza aliyense, poti panalibe amene anawafunsa. Mashehe athu ndi anthu omva, mukawaitana n'kukambirana nawo adzalengeza okha.

Sindikunena kuti palibe chimene chachitika. Amene takhalitsa kuno taona nyumba za chipatala zimene zamangidwa ndi thandizo la dziko la Iceland, ku Monkey Bay ndi pa boma. Taona alangizi akuyeza ana malungo pansi pa mtengo m'midzi ya kutali. Ndipo nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, tinakuonani mukuthamanga. Matenti anadzukira kumangidwa, klorini anafika m'midzi, zimkuzamawu zinayenda m'madoko, mafumu ndi azipembedzo munawaitana pamodzi. Munatisonyeza kuti mukafuna mumatha. Kusiyana kwake n'koti kolera amapha mwaphokoso, anthu ambiri sabata imodzi, pamene BP, shuga ndi likodzo zimatenga mmodzimmodzi, mwakachetechete, maliro ake n'kumati kunali kudwala kwa ukalamba kapena wina wawalodza.

Pempho langa lomaliza silifuna bajeti. Mmodzi wa inu asankhe tsiku, asauze munthu. Galimoto ya ofesi aisiye, chitupa cha ntchito achisiye, akwere kabaza ngati ife. Afike kusanache, agule buku la kuchipatala pa okala, aliike pakhonde ndi mwala pamwamba, akhale pa benchi mpaka dzina lake litaitanidwa kapena mpaka mlonda atamubwezera bukulo. Apongozi anga tsiku lawo lotsatira ndi Lachiwiri loyamba la mwezi wamawa. Mapilitsi a BP atsala a masiku 9, ndiye kaya kukagwa mvula tidzapita. Mudzatizindikira mosavuta: gogo wa mpango wobiriwira kumapeto kwa benchi, ndi bambo amene waima patali pang'ono, atafulatira, atanyamula mabatire awiri m'thumba la malaya.

Ine wanu,
Mphunzitsi ndi mkamwini wa kunyanja,
Mangochi